Pisitoni Itsike Yokha

Ba Mubita, amuna anga, lero chakwana chaka chichokereni inu. Ndakumbuka tsiku lija ku Libuyu, zaka za m'ma 90, mukukuza silinda ya njinga yamoto kuti mulowe pisitoni yokulirapo. Mwini njingayo ankakufulumizitsani, koma inu munapaka pisitoniyo oilo, n'kuiika pakamwa pa silinda, n'kundiitana: "Amake Mwiya, bwerani muone. Osaikankha. Ikatsika yokha pang'onopang'ono, ninshi yakwana." Inakakamira, ndipo munabwerera pamakina okuzira silinda osadandaula. Ntchitoyi ndinayamba kuiphunzira tsiku limenelo.

Abale anu akuti ndigulitse makinawo, ati si ntchito ya mkazi. Ndawakanira. Mawa ndili ndi injini ina pabenchi panu, ndipo sindiimanga mpaka pisitoni itsike yokha.