Magambuti a Wonyamula Mtanda

Kumtunda kuno kwa Mayani mukafunsa za a Alufeo Kamtedza, anthu amayamba aseka kaye, kenako n'kukulozerani munda wa kachewere umene uli kuseri kwa tchalitchi. Ndi bambo wamtali, wouma ngati thabwa la paini. Kuimba sadziwa, akayambitsa nyimbo nkhuku zimathawira m'khola. Kuwerenga Mawu amachita kukodwa m'mizere. Koma kunyamula mtanda kutsogolo kwa mdipiti wa Misa, eee, apo pokha palibe wowaposa. Agwira ntchitoyi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Zinayamba ndi patapata. Tsiku lina anafika kuchokera kumsika phazi limodzi lili losavala, eni ake osadziwa.

"Abambo a Hellen, inayo mwaisiya pakhomo pa ndani?" anafunsa akazi awo, mayi Veronika.

"Yapita kukafunsira mbeta, ibwera."

Anaseka onse, koma mapazi sanaseke. Zala zinayamba kukwekwesa pansi, ndipo kuti asapunthwe ankakweza mawondo ngati kakowa m'dambo. Akatumba anaphwa. Tsoka lake, malemu bambo awo ankayendanso chimodzimodzi, ndipo iwowo kachasu anali m'bale wawo. Mudzi wonse unkadziwa kuti mayendedwe amenewa ndi a mowa. Ndiye a Alufeo atapunthwa pasitepe Lamulungu lina, mtanda n'kumenya chitseko kuti gu, anthu sanafunsenso.

Lolemba lake kunabwera a Bartholomew, apampando a khonsolo ya tchalitchi, atavala jekete ngati akupita kumaliro.

"Achimwene, akhristu akudandaula. Mtanda si wonyamula munthu atalawa."

"Thobwa la mayi awa ndi limene mukulinenali?"

"Khonsolo ikhala pakatha milungu iwiri. Mwina mupumuleko."

Mawu oti kupumulawo anawabaya. Chakudya chinawakanika, ndipo mayi Veronika ataona choncho anawakweza minibasi mpaka kuchipatala ku Lilongwe. Dokotala wake anali mayi wachitsikana. Anawagogoda pabondo ndi kanyundo ka labala, n'kuyamba kuwabaya zala zakuphazi ndi singano, iwo ali kalikiliki kumufotokozera za chiwawu cha kachewere.

"Mwamva, bambo?"

"Mwayamba kale kodi?"

Dokotala atamva za malemu aja anagwedeza mutu. Anati mitsempha yonyamula uthenga kuchoka kumsana kukafika kuchala ndi yaitali kwabasi, ndipo m'kati mwake muli timaulusi ta puloteni toilimbitsa, ngati nsungwi zolukira nkhokwe. Tikayalana bwino, mtsempha umakhala wotakasuka ndipo uthenga umathamanga. M'mabanja ena timaulusito timapotana n'kuunjikana, uthenga umachedwa, ndipo mitsempha yaitali ndiyo imayamba kutopa. Kuti atsimikize kuti olakwa ndi timaulusi tomweti pankafunika zipangizo zoyezera zimene chipatalacho chinalibe, koma zoti ndi matenda akumtundu sanakayike.

"Ndiye bambo anga aja sunali mowa?"

"Unalinso mowa, musawayeretse," anatero mayi Veronika.

Mankhwala ochiza panalibe. Dokotala anati matendawa amayenda pang'onopang'ono, chofunika n'kusaleka kuyenda, kuyang'ana mapazi tsiku lililonse kuopa zilonda zosamva, ndi kuvala nsapato zogwira akakolo. A Alufeo nsapato zotero anali nazo kale: magambuti a kudimba. Anawayesa ndi masokosi awiriawiri, phazi n'kuleka kulendewera.

Tsiku la khonsolo anafika nawo atawanyamula m'manja. Kalata ya dokotala inali m'thumba, koma ankadziwa kuti kuno pepala silimaliza mlandu. Anakhala pabenchi, natambasula mapazi, napereka singano kwa apampando.

"Bayani."

"Ine? Ayi, achimwene, si ulemu."

"Kundinena kuti ndine chidakwa unali ulemu? Bayani, musaope, siinu oyamba."

A Bartholomew anabaya chala chachikulu, n'kudzifuulira okha kuti mayo! Eni phazi anali phee, akuyang'ana kudenga. Khonsolo yonse inagwa ndi phwete. Kalata ija inawerengedwa pambuyo, apampando akupunthwa pa liwu la puloteni kuposa mmene a Alufeo anapunthwira pasitepe.

"Si mowa, tamva, mutikhululukire," anatero apampando. "Koma nanga mtanda ukagwa?"

A Alufeo anavala magambuti, natenga mtanda, nakwera masitepe katatu ndi kutsika katatu osagwedezeka. Panatsala nkhani imodzi: kodi magambuti n'kulowa nawo pamaso pa guwa? Anakangana mpaka dzuwa kupendeka. Pomaliza anamanga mfundo yoti alowe, bola akhale otsuka, asabweretse manyowa a kudimba m'nyumba ya Mulungu.

Mpaka lero, Loweruka lililonse masana, mudzawapeza pamjigo akukwecha magambuti ndi chiguduli, akuwauza amayi otunga madzi kuti akusambitsa akhristu awiri. Akudziwa kuti chaka china mapazi adzakaniratu, ndipo akuti tsikulo adzapereka mtandawo ndi manja awo, osati kulandidwa. Pakali pano belu likalira amaima pakhomo, mtanda m'mwamba, kwaya kumbuyo, n'kuuyamba ulendo: fwa, fwa, fwa. Woimba ng'oma anasiya kalekale kuyang'ana wotsogolera kwaya. Amangomvera magambutiwo.