Nyani wa Boma

Fungo la mbatata yootcha likandipeza pamsika wa Katete, mtima umandiwawabe.

Ndili Giredi 5, sukulu yathu inatitengera ku Luangwa pa lole yonyamula thonje kuti tikaone nyama. Amayi anandimangira mbatata yootcha m'kansalu, kamba wa tsiku lonse.

Titangotsika pachipata cha paki, nyani anabwera n'kunditsomphola kamtolo kanga. Nyaniyo anali wamkulu ngati thole la ng'ombe, ndipo ndikulumbira, anachita kumasula mfundo bwinobwino, osang'amba nsalu. Ine, mwana wolondera chimanga chiyambire kuyenda, ndinachita zimene atate anandiphunzitsa: mwala, pamsana, phu!

"Iwe!" anakuwa mlonda wa nyama, mfuti ili paphewa. "Ukudziwa kuti ameneyo ndi wa Boma?"

"Bwana, waba mbatata yanga."

"Kuno saba. Ali kwawo."

Aphunzitsi anandikoka khutu mwakuti mpaka lero chipewa chimandikhala chopendekera. "Watichititsa manyazi pamaso pa azungu! Utsala m'lole momwemu."

Nyani yemweyu kwathu timamuthamangitsa ndi agalu, mudzi wonse n'kutiyamika. Kuno wakuba ndiye anali ndi womulondera wamfuti.

Anzanga anapita kukaona njovu ndi mikango. Ine ndinatsala ndi njala, zitsulo za lole zikundiwotcha m'matako. Wa Boma uja anakwera padenga la lole n'kukhala moyang'anana nane. Anasenda mbatata ija mosafulumira, nadya yonse, kenako n'kundiponyera makoko.