Suti Yosokedwa Osayeza

Lachiwiri pa 14 Malichi, bambo wa pasikelo analemba bodza m'buku la kuchipatala la a Telala. Analemba kuti akulemera makilo 84, chonsecho sanawaimike pasikelo. Anangoyang'ana nambala ya mwezi wathawo, naikopera pansi pake, n'kuitana wotsatira. Aka kanali kachinayi.

A Telala ndi munthu wa zaka 61. Asoka zovala kwa zaka makumi atatu pakhonde la sitolo ya zitsulo, moyang'anizana ndi pokwerera basi. Katundu wawo ndi makina opalasa ndi phazi, sizasi, choko chabuluu, tepi ya m'khosi, ndi buku lalikulu la miyeso lomwe chikuto chake anachimata ndi nsalu ya khaki. Aliyense amene anamusokerapo alimo m'bukumo: tsiku, chifuwa, chiuno, kutalika kwa mkono. Lamulo lawo linali limodzi, loti sadula nsalu asanayeze munthu, ngakhale akhale woti anamuyeza mwezi watha. Ankati thupi si mwala.

Matenda a shuga akhala nawo zaka khumi ndi ziwiri. Amadzibaya insulini m'mawa ndi madzulo, ndipo sanadumphitsepo. Mowa sanaulawepo chibadwire. Zimenezi muzisunge, chifukwa pali pakamwa pena pamene panaziiwala.

Mu Novembala adokotala anawaonjezera mapiritsi ena oti athandizane ndi jakisoniyo. Anawachenjeza bwinobwino kuti mapiritsiwo amachititsa nseru, amatha kutsekula m'mimba, ndipo munthu safuna kudya. "Mukayamba kutsika thupi tidzatsitsanso insulini," anatero. "Ndiye mwezi uliwonse muzikwera pasikelo musanalowe kuno." Adokotala amenewo anasamutsidwa Khirisimasi isanafike, ndipo pampando pawo pankakhala nkhope yatsopano ulendo uliwonse.

Mapiritsi anachita zonse zimene ananena. A Telala ankadya nthongo ziwiri n'kukankha mbale. Fungo la mafuta okazingira linkawathamangitsira panja. Thalauza lawo analibweza katatu, ndipo popeza ndi munthu wa buku, ankadziyeza okha n'kulemba patsamba lomaliza: chiuno mainchesi 38, kenaka 36, kenaka 34, kenaka 33.

Koma kuchipatala anali a makilo 84 basi. Sikelo inali pansi pa tebulo, itasanjikizidwa makatoni, ndipo mwini wake anali atakhala pampando, foni ili kudzanja lamanzere, cholembera kudzanja lamanja.

"Achimwene, simundikweza pasikelo?" anafunsa a Telala tsiku la 14 Malichi lija.

"Inu timakudziwani, madala. Mzerewu simukuuona? Mukufuna anzanu akomoke ndi njala chifukwa cha makilo anu?"

M'chipinda cha adokotala anayesanso kunena kuti zovala zikuwakhwepa. Adokotala a tsikulo sanadzutse mutu. "Buku likuti 84. Pitirizani mmene mumachitiramo."

Patapita masiku asanu ndi anayi, a Telala anadzibaya muyeso wa munthu wa makilo 84, namwa tiyi theka la kapu, napita kuntchito. Cha m'ma 11 koloko thukuta linayamba kutsika ngati awathira madzi. Manja ananjenjemera, sizasi inapatuka pa mzere wa choko n'kudya nsalu ya diresi la mkwatibwi mpaka pakati. Anaimirira kuti apite kukagula chotsekemera, koma miyendo inakana. Anadzandira pamsewu, lilime litalemera, akulankhula zosamveka, mpaka anagwera m'ngalande. Shuga wotsika amafanana ndi mowa kwa munthu wosadziwa, ndipo pokwerera basi padzaza anthu osadziwa. Anaseka. Wina anati, "Telala wayamba m'mawa lero." Wosoka nsapato wa pakhonde lomwelo ndiye anathamanga kukaitana akazi awo a Telala, amene anafika ndi shuga m'kapepala n'kuwapaka m'kamwa.

Atawagoneka m'chipatala, kuwodi anawayeza pasikelo yeniyeni. Makilo 71. Adokotala a kumeneko anayang'ana buku, nayang'ana munthu, nagwira pakamwa. Anatsitsa insulini tsiku lomwelo, nasintha mapiritsi, ndipo patatha milungu itatu a Telala anayambanso kumaliza mbale.

Thupi linabwerera, koma dzina linatsala m'ngalande muja. Mayi a mkwatibwi anadzatenga nsalu yawo akutukwana. Sukulu imene inkawapatsa mayunifolomu chaka ndi chaka inapita kwina. Ena ankati ndi mowa, ena ankati kuwonda kotero munthu sawonda ndi shuga yekha, n'kutsinzinirana diso. A Telala analemba kalata kwa mkulu wa chipatala pa 11 Epulo. Analembanso pa 9 Meyi. Yankho silinabwere.

Wolakwa amaiwala msanga. Mu Julayi bambo wa pasikelo uja anatulukira pakhonde atanyamula nsalu ya suti yakuda m'pepala, mimba ili patsogolo. Anthu amene amadutsa patebulo lake ndi ambiri, moti za a Telala analibe nazo n'komwe m'mutu. Chimene ankakumbukira n'chakuti suti yake ya ukwati inasokedwa pamenepa zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, ndipo anthu anaiyamikira.

"Madala, ndasankhidwa wantchito wakhama wa chaka chino," anatero akumwetulira. "Lachisanu 2 koloko ndikulandira satifiketi pamaso pa mabwana. Mundisokere yoti akaiona adziwe kuti kwabwera munthu."

Anatambasula manja kuti ayezedwe. A Telala anamuyang'ana kwa kanthawi, tepi ili m'khosi.

"Tsitsani manja, achimwene. Inu timakudziwani."

Anatsegula buku, nabwerera m'mbuyo masamba ambirimbiri mpaka anapeza tsiku la suti ya ukwati. Chiuno 34, chifuwa 38. Anakopera manambalawo patsamba latsopano, mwaukhondo, munthuyo akuona.

"Mudzatenge Lachisanu 12 koloko."

Kunyumba akazi awo sanagwirizane nazo. "Bambo, chimene chatsala ndi manja anuwo. Mukasoka chopanda pake adzati mowa uja wafika m'maso."

"Ndani wati ndisoka chopanda pake? Ndisoka suti yoti sindinasokepo. Kungoti mwini wake ndi uja wa zaka zisanu ndi zinayi zapitazo."

Anaisokadi ndi mtima wonse. Kolala inagona bwino, matumba analingana, mabowo a mabatani anawapota ndi manja. Koma m'misoko ya kumbuyo ndi ya m'mbali anasiya nsalu yambiri yopindira m'kati, yoti telala aliyense ataona akhoza kudziwa kuti mnzakeyu ali ndi cholinga.

Lachisanu bamboyo anafika atameta, akununkhira mafuta. Analowa kuseri kwa katani. Kunamveka kupuma kwa munthu amene akukankha galimoto pamtunda. Thalauza linakwera mpaka m'ntchafu n'kukana. Jekete linalowa mkono umodzi, winawo unatsakamira kumbuyo ngati wa wakuba amene wagwidwa pamsika.

"Madala, mwandipatsa ya munthu wina."

"Ndi yanu. Nsalu simukuizindikira?"

"Nanga bwanji sikulowa?"

"Buku likuti 34."

Wosoka nsapato anaika nyundo pansi. "Pumirani m'kati, bwana, mwina ilowa. Kapena tiitane anthu akuthandizeni kukoka?"

Bamboyo anatuluka atavala thalauza lake lakale, zipi ili pakati, akutuluka thukuta. Anayamba kukweza mawu, ndipo anthu a pokwerera basi, omwe aja, anayandikira. "Telala wanji wosayeza munthu? Anthu amanena zoona kuti mumamwa. Ndikakusumirani."

A Telala sanakweze mawu. Anatulutsa buku la kuchipatala m'thumba la malaya, naliika pa makina pambali pa buku la miyeso, natsegula onse awiri.

"Werengani apa. Disembala 84, Januwale 84, Febuluwale 84, Malichi 84. Dzanja ili ndi la ndani? Tsono werengani apa, kuwodi, patangopita masiku asanu ndi anayi: 71. Makilo khumi ndi atatu anapita kuti pa masiku ochepa chotero? Inu munakopera, adokotala anakhulupirira, ine ndinadzibaya. Lero nanenso ndakopera. Kusiyana kwake n'kwakuti inu simugwera m'ngalande."



"Nsalu ndasiya yokwanira m'kati," anapitiriza. "Ndikhoza kumasula misoko. Koma muyambe mwalemba papepala ili, ndi dzanja lomwe lija, kuti miyezi inayi simunandikweze pasikelo. Mukatha muwawerengere anthuwa, chifukwa ndi amene anandiona nditaledzera."

Bamboyo anayang'ana wotchi. Inali itadutsa hafu pasiti 12. Anati sikelo inali yowonongeka. A Telala anati alembenso zimenezo, ndi tsiku limene anakanena kwa mabwana ake. Tsiku limenelo panalibe. Bamboyo anayang'ananso wotchi, natenga cholembera. Powerenga mawu ankatuluka ngati akudutsa pa bowo la singano, mpaka wosoka nsapato anati, "Kwezani, bwana, a kumbuyoku sakumva."

A Telala anamasula thalauza mosathamanga, msoko umodzi umodzi, nalisokanso, nalisita. Jekete nthawi inalithera. Munthuyo anakalandira satifiketi yake atalikoleka pamkono, ndipo anaomberedwa m'manja.

Satifiketiyo ikadali pakhoma pamwamba pa tebulo lake. Sikelo anaichotsa pansi pa makatoni, koma a Telala, amene amakhala pabenchi n'kumawerenga, akuti pa anthu khumi amakwezapo atatu. Makasitomala ena anabwerera pakhonde paja. Sukulu ija sinabwerere, ndipo mayi a mkwatibwi akadutsa amayang'ana kumbali.

Pa 4 Ogasiti a Telala anapereka kalata yachitatu, atamatapo pepala lija ndi pini. Mlandu suwola. A mkulu wa chipatala, pabenchi lanu pamakhala anthu oposa makumi asanu odzibaya insulini, ndipo ambiri a iwo alibe tepi m'khosi. Ndi mabuku angati amene ali ndi manambala okopera? Ndani anasaina satifiketi ija, ndipo anayamba watsegulapo buku la wodwala ndi limodzi lomwe? Kalata zitatu zili patebulo panu. Yankhani.