Thanga la Mayi Orlanda

Mayi Orlanda tawaika m'manda mwezi wathawu kwa Nthache. Olankhula pamaliro anangoti anali obwera, ochokera ku Mozambique, basi. Za maungu palibe anatchula. Zinandipsetsa mtima, n'chifukwa chake ndalemba izi.

Ndinawadziwa mu 1996, ndikuphunzitsa Sitandade 3. Tsiku lina ndinajambula dzungu pabolodi n'kuuza ana kuti alembe dzina lake. Mwana wawo, Rozina, analemba kuti "thanga". Ndinamuthetha ndi cholembera chofiira, ndipo mopusa ndinawerenga yankholo mokweza. Ana onse anaseka. Pomafika nthawi yopuma, anzake anali atamutcha kale Namathanga. Sabata yathunthu sanaonekenso kusukulu.

Lolemba lotsatira kunabwera mayi ake. Analowa m'kalasi osaodira, dzungu lili pamutu, n'kulitula patebulo panga mpaka choko chinagwa pansi.

"Aphunzitsi, ichi n'chiyani?"

"Ndi dzungu, mayi."

"Kwanu. Kwathu ndi thanga. Ndiye mwana wanga analakwa pati? Akuti sukulu wasiya. Mwamuchotsa ndinu."

Ndinayesa kunena kuti m'buku mulibe mawu amenewo. Apo ndiye ndinaputa mavu.

"Buku linathawapo nkhondo? Ine ndinawoloka malire mu 1986, mwana kumsana, mbewu ya chinthu ichi nditamanga pansonga ya chitenje. Amayi anga ankati timati thanga chifukwa limathanga kucha chimanga chisanakhwime. Limathanga kutichotsa njala. Funsani ana akusekawa kuti mbewu imene makolo awo amadzala anaitenga kwa yani."

Ana ambiri ankadziwa. Dzungu la khungu lokhakhala, lofumbutuka ngati mbatata, m'mudzimo linafika ndi Mayi Orlanda, ndipo ankagawa mbewuyo kwa aliyense wopempha.

Kenaka analing'amba ndi mpeni, n'kutapa zam'kati, n'kundionetsa padzanja.

"Nanga izi, inu ophunzira, mumati chiyani?"

"Nthanga," ndinayankha.

"Nthanga! Mwana mumamudziwa, make mukumukana?"

Ngati ndi momwedi mawuwo anayambira, ine sindingalumbire. Ndafunsa akuluakulu angapo, aliyense amanena zake. Koma mawu oti "thanga wadya", kutanthauza kuti woyamba kufika ndiye amadya, ndinkawamva kwa bambo anga omwe, ndipo nthanga ndakazinga kuyambira ubwana wanga. Zaka zonsezo sindinaganizepo. Ndinadzikwiyira, ndipo ndikakumbuka ndimadzikwiyirabe: mwana anabwera ndi mawu a kwawo, ine n'kumubweza nawo ngati wabwera ndi chinthu chakuba.

Ndinawapempha kuti ndikamuone Rozina kunyumba.

"Ayi," anatero. "Munamuchititsa manyazi pagulu. Mupepese pagulu."

M'mawa mwake anabwera naye atamugwira dzanja, iwo n'kuima pakhomo. Rozina anangoti zyoli. Ndinalemba pabolodi mawu atatu motsatana: dzungu, thanga, nthanga. Ndinauza ana kuti wolakwa ndinali ine. Ndinatenga kope lake n'kuchonga pamene ndinathetha paja, aliyense akuona.

Rozina anayang'ana kopelo nthawi yaitali. Kenaka anapita kukakhala pamalo pake, pafupi ndi zenera. Mayi ake sanathokoze, ndipo panalibe choti athokozere. Anangoti, "Nthangazo musataye, aphunzitsi. Mvula yayandikira."

Rozina sanajombenso mpaka anamaliza Sitandade 8. Nthanga zija ndinadzala kuseri kwa nyumba yanga, ndipo mbewu yake sinatheretu mpaka lero.