Achimwene Sakana Mbale

Achimwene anga amakonza mafiriji. Moyo wawo wonse akhala chogwada kuseri kwa mafiriji a eni, tochi ili kukamwa. Tsopano bondo lakumanja lakana. Adokotala anawauza mosabisa kuti opaleshoni ilipo, koma sawachita thupi lisanatsike. Bondolo likapanda kukonzedwa ntchito yathera pomwepo, ndipo munthuyu ntchito ina saidziwa.

Ndiye ine mlongo wawo ndinadziika ukapitawo. Lamlungu masana ndimafika kwawo. Chimwalirireni alamu anga, khitchini ija inasanduka mosungira mawaya ndi zitsulo. Ndimakankhira zonsezo kumbali n'kuwapatsa mpeni. Iwo kudula kabichi ndi kaloti, ine kuphika nyemba, nkhuku yosenda khungu ndi kampunga pang'ono. Timagawa m'mabokosi, lililonse tsiku lake, kuti m'mawa asamaganize zambiri: tenga bokosi, nyamuka. Tinapangana kuti akadya masana, azinditumizira pa foni chithunzi cha bokosi lopanda kanthu.

Zithunzi zinkabwera ndithu, mabokosi ali mbee ngati atsukidwa. Koma sikelo? Osasuntha! Ndinaigwedeza, ndinaisinthira mabatire, ndinaisamutsira pa simenti. Usiku tulo osabwera, kuntchito mtima uli m'malere.

"Achimwene, mukudya chiyani kumbali?"

"Ine? Mphepo yokhayokha, mlongo wanga."

Mphepo yake iti yonenepetsa munthu chonchi?

Tsiku lina ndinapempha tchuthi n'kukwera nawo kagalimoto kawo. Nyumba yoyamba, asanatseke n'komwe chikwama cha zida, mayi wa panyumbapo watulukira ndi tiyi wamkaka ndi buledi wopaka majarini. Ndinawaponda phazi achimwene. Anayang'ana kudenga n'kulandira ndi manja awiri. Nyumba yachiwiri, bambo wina wopuma pantchito anati, "Amisiri, simuchoka musanalaweko," uku akutsitsa mbale ya tchipisi ndi soseji. Achimwene anakhala pansi, kuseka, kukamba za mpira mpaka mbale kuyera. Titatuluka anaimika galimoto pamthunzi, kutsegula bokosi lathu lija, kulikokota, kulijambula. Foni yanga inalira m'chikwama ndili pambali pawo pomwepo.

Ndinapsa mtima zedi. "Ndimataya Lamlungu langa chifukwa cha zimenezi? Pakamwa panupo palibe mawu oti 'zikomo, ndakhuta'? Mukufuna muzikwawa?"

Anatembenuzatembenuza supuni. Kenako anati, "Chakudya chako n'chabwino, sindinama. Koma bokosili ndimadyera muno, ndekha, ndikuyang'ana chiwongolero. Kuja amandikokera mpando. Chichokereni alamu ako, ndi anthu okhawo amene amandifunsa kuti 'tikuwonjezereni?'"

Chisoni chinandigwira, ndinangoyang'ana panja mpaka tinafika.

Pangano tinalisintha. Za zithunzi tinasiya. Lamlungu timaphika mabokosi a anthu awiri. Nthawi ya nkhomaliro ikakwana ndimatuluka mu ofesi, kukhala pa masitepe n'kuwaimbira. Foni amaitsamiritsa kugalasi, timadyera limodzi, iwo akudandaula kuti mchere wachepa, ine ndikuwanena kuti akutafuna ngati akuthamangitsidwa. Eni mafiriji akatulutsa mbale amati, "Pepani mayi, mlongo wanga akundidikira," ndipo si bodza.

Sikelo yayamba kutsika, koma mwaulesi, ndipo tsiku la adokotala likuyandikira. Kaya tikwanitsa, kaya. Ndimadzukabe ndi nkhawa.

Dzulo msonkhano wa kuntchito unandichedwetsa. Ndinatuluka dzuwa litapendeka kale, ndikuthamanga pa masitepe, mumtima ndikuti basi, pofika pano alandira kale mbale ya wina ndi manja awiri.

"Achimwene, mwadya?"

"Ayi," anatero. "Bokosi lili pamiyendo pano, lazizira. Ndimadikira iwe."