Isaac Chisale ndi Chitsamba cha M'chipululu

Bambo Isaac Chisale anabadwira ku Lizulu, m'boma la Ntcheu, pa 9 Juni 1961, ndipo anakulira m'dimba la tomato ndi kabichi. Anafika ku Dublin pa 2 Novembala 2004. Ine ndinawadziwira ku tchalitchi mu 2011, nditabwera kudzakhala ndi mwana wanga ku Ongar, dera la mu Dublin momwemo. Nthawi imeneyo anali atayamba kale ntchito pa nazale ina kufupi ndi tawuni ya Skerries, kumpoto kwa Dublin, m'nyumba zagalasi zolereramo mbande. Abwana awo ankawadalira, chifukwa mbande ikafika m'manja mwawo sinkafota.

Pa 18 Febuluwale 2022 kunabwera mayi wina wa ku Ireland konkuno, dzina lake Julia, katswiri wa zomera. Ananyamula timiphika titatu. Munali mbande za chitsamba chimene iye ndi anzake anali atangochilemba kumene m'mabuku a sayansi, atachipeza m'phiri lina louma lamiyala, m'chipululu chakutali. M'phiri lonselo anawerengamo zitsamba zosakwana makumi anayi, ndipo mwa njere zimene analoledwa kutenga, zitatu zokha ndizo zinamera. Chipinda chofunda cha kuntchito kwake chinkakonzedwa, choncho anapempha a Chisale kuti amusungire. Lamulo linali limodzi: masupuni awiri a madzi pa masabata atatu aliwonse, basi.

A Chisale anavomera, koma mtima sunavomere. Dothi lake linali mchenga ndi timiyala, louma ngati phulusa, ndipo timasamba tinali totuwa ngati ta mbewu yodwala. Kwathu mlendo wochokera kutali sumufunsa dzina asanamwe madzi, ndipo iwo ankaziona mbandezo ngati alendo. Loweruka lililonse m'mawa, anzawo asanafike, ankathira theka la kapu m'kamphika kalikonse.

Mbande yoyamba inafa pa 7 Epulo, yachiwiri pa 28. Julia atazizula anapeza mizu yowola. Poona kuti m'kabuku ka nazale munalembedwa masupuni awiri okhaokha, anaganiza kuti ndi matenda a m'dothi. Ananena kuti Lachiwiri lotsatira, holide ya Lolemba ikatha, adzazula yotsalayo n'kukaidula kuti aipime.

Lamulungu pa 1 Meyi, Misa itatha, tikumwa tiyi mu holo, Mayi Betty, akazi awo a Chisale, anakokera amuna awowo kwa ine.

"Bambo a Wezi, auzeni amayiwa zimene mwachita. Munthu wamkulu kupha alendo ndi ulemu!"

"Tsitsani mawu, mayi a Wezi, tili pa tchalitchi."

"Ndiye pabwino pake. Abambo mfumu ali apo, kalapeni. Mukanene kuti tchimo langa ndi madzi."

Ine ndinaseka, koma iwo sanaseke. Anandifotokozera zonse, akuzunguza kapu m'manja.

"Amayi, ndikangokhala chete, palibe angadziwe. Koma kamtengo kaja akakadula popanda mlandu. Ndikanena, ntchito yatha. Pa zaka sikisite ndani angandilembe?"

"Nanga mukasiya kuthirira, kangachire?" ndinafunsa.

"Muzu umodzi ukadali woyera. Ndinafukula pang'ono n'chala."

"Mwaona? Ndi kufukula komwe amafukula," anatero Mayi Betty. "Ine ndinakwatiwa ndi nkhuku."

Lachiwiri pa 3 Meyi, Julia anafika ndi kabokosi ka zida. A Chisale anavula chipewa, nanjuta pansi monga timachitira kwathu pouza wamkulu nkhani yolemera. Julia anayesa kuti adwala, nathamangira mpando. Iwo anaukana mpandowo, nanena zonse ali chinjutire.

Anandiuza kuti nkhope ya mayiyo inafiira. Kenako Julia anati njere zija anazidikira zaka ziwiri, ndipo sakudziwa ngati adzaloledwenso kubwerera kuphiri kuja. Anatuluka panja, nakaima pamphepo. Atabwerako anatsegula kabuku kake.

"Loweruka lingati? Madzi ochuluka bwanji? Kapu yake iti?"

A Chisale anabweretsa kapuyo. Anatchula Loweruka lililonse, ndi tsiku limene tsamba loyamba linayamba chikasu. Julia analemba zonse, natseka kabokosi ka zida kaja osatulutsamo kanthu.

Abwana a nazale anawapatsa kalata ya chenjezo, yoyamba pa zaka zonse zimene anagwira pamenepo, ndipo zinawapweteka kwambiri. Koma abwanawo atafuna kupereka mbandeyo kwa wantchito wina, Julia anakana. Anati mu Ireland monse munthu mmodzi yekha ndiye waona ndi maso ake mmene chitsambachi chimafera, ndipo ameneyo ndiye achisunge. Ngakhale chipinda chake chitakonzedwa, sanachitenge.

Chitsambacho chinakhala miyezi inayi osaphuka tsamba n'limodzi lomwe. Pa 6 Sepitembala chinatulutsa kamphukira. Chinachita maluwa koyamba pa 11 Malichi 2025, timaluwa tisanu tachikasu, tating'ono ngati mabatani a malaya. Pa 15 ndinakwera sitima ndi Mayi Betty kukationa. Tinawapeza a Chisale ataima patali pang'ono ndi kamphikako, manja onse awiri ali m'matumba.

"Yandikirani, amayi, mununkhize," anatero. "Ine ndimaonera pompano. Dothi lija ndikaliyang'anitsitsa, manja amandiyabwabe."