Valavu ya ng'ombe ya eni ake

Zinayamba mu Meyi, tikukumba kachewere kumunda kwathu kumtunda kwa Nzama. Ndinali ndi zaka 64. Ndikasenza thumba, mpweya unkandithera. Mapazi anatupa mpaka nsapato za kutchalitchi zinakana kulowa. Mkazi wanga, Nanzunga, anati tipite kuchipatala. Ndinati ndi ukalamba chabe. Ndinakana miyezi inayi. Mu Seputembala ndinagwa pakhomo pa khola, ndipo makani anathera pomwepo.

Kuchipatala cha mishoni anandimvetsera pachifuwa n'kunditumiza ku boma. Ku boma ananditumiza ku Blantyre. Kumeneko ndinakhala pabenchi masiku atatu. Tsiku lachinayi anandipaka mafuta ozizira pachifuwa n'kuuona mtima pakanema. Dokotala anati valavu ya mtima yatha, magazi akubwerera m'mbuyo. Ine valavu ndinkaidziwa ya chubu cha njinga. Ndinafunsa ngati sangangoimata. Anati ayi, n'kusintha basi, ndipo opaleshoni yake ikachitikira kunja.

Anandiuza kuti mavalavu alipo awiri, ndisankhe ndekha. Yoyamba ndi yachitsulo. Siitha, koma imalira ngati wotchi. Umamwa mankhwala oletsa magazi kuundana moyo wonse, n'kumakayezetsa magazi pafupipafupi. Ukadzitema ndi khasu, magazi amachedwa kusiya. Mowanso uchepe. Yachiwiri imachokera ku nkhumba kapena ku ng'ombe. Mankhwala a moyo wonse aja siifuna, koma pakapita zaka imatha, mwina n'kudzakung'ambanso.

Nanzunga anafuna yachitsulo, makamaka atamva za mowa. Ine ndinaganiza za msewu wathu m'dzinja, magalimoto akasiya kukwera. Ndikalephera kukayezetsa, chitsulocho chikhoza kundipha. Ndinachikana. Nkhumba ndinaikananso. Mngoni sangayende ndi nkhumba mumtima, anzanga ovina nawo ngoma akanandiseka mpaka kumanda. Ndinasankha ng'ombe.

Nditabwerera kumudzi ndinapatula mthena wanga wakuda. Ndinaudyetsa madeya miyezi iwiri mpaka unanona. Tsiku loonananso ndi dokotala ndinamuuza kuti ng'ombe yakonzeka, angonena tsiku lozinga. Ndinawonjezera kuti atenge mtima wokha, nyama yotsala ndi yanga.

Dokotala anavula magalasi. Nesi anatuluka, ndipo ndinamumva akuseka pakhonde.

"Bambo, valavu imabwera m'kabokosi, yokonzakonza," anatero dokotala.

"Ng'ombe ya yani?"

"Sitikudziwa."

"Ndiye mundiika ng'ombe ya eni ake? Nanga akadzaifuna?"

Nanzunga ananditsina pantchafu. "A Ngozo, khalani chete. Mukundichititsa manyazi."

Ndinadikira miyezi isanu ndi iwiri, ndikumwa mapiritsi ochotsa madzi m'thupi, dzina langa lisanatuluke pamndandanda wa opita kunja. Ndege sindinaikonde. Za opaleshoni sindikumbuka kanthu. Ndinadzuka ndi mapaipi, chifuwa atachisoka ngati thumba. Tsiku lachitatu manesi anandiyendetsa, ine ndikutukwana chamumtima. Patatha milungu itatu ndinabwera kwathu. Mthena uja tinadya ndi mudzi wonse.

Tsopano padutsa zaka zitatu. Ndimalima, ndimavina ngoma pang'ono, ndimakaonetsa mtima kawiri pachaka. Koma dokotala anandiuza mosabisa kuti ndinachedwa, mtima unafooka ndipo sudzabwerera mwakale. Zolemera sindinyamulanso.

Abambo anzanga, mpweya ukayamba kuchepa, mapazi n'kumatupa, musalimbe mutu ngati ine. Pitani kuchipatala msanga. Ng'ombe musiye kunyumba.